Uthenga wopanda moni

Mzere wobiriwira pa laputopu udaima njii. Ndidayambitsanso pulogalamu, n'kuimanso pomwepo. Ha! Ine Lettie, mawa ndikaonetse ntchito yomalizira digiri, chinthu n'kumachita zoterezi?

Ntchitoyo tinkapanga awiri ndi Weston, mnzanga wa m'kalasi: wailesi ya pakompyuta yochenjeza asodzi a ku Kande za mphepo ya mwera. Wailesi yeniyeni tinalibe, tinkangoyeserera pa laputopu. Uthenga umadulidwa m'tizidutswa totchedwa masampulo, ndipo timayenda bokosi ndi bokosi ngati madzi m'ngalande za mpunga ku Limphasa. M'mabokosi anga masampulo ankadutsa bwinobwino. Akafika m'bokosi limene adakonza Weston, zii, osatulukanso.

Ndidamuimbira, osayankha. Anzathu akuti ali ku Makuzi, ku ganyu yokonza intaneti. Ganyu lero? Si yemweyu adandinena sabata yatha kuti ndimalankhula pamaso pa aphunzitsi ngati ntchito ndi yanga ndekha? Mtima udandiuza kuti wachita dala, akufuna ndikayaluke iye n'kutulukira ngati mpulumutsi. Ndidapsa mtima zedi. Ndidalembera Dokotala Zacharia, otiyang'anira, uthenga wautali, waulemu: Weston waononga ntchito mwadala, dzina lake lichoke.

Masana Weston adatulukira panjinga kwathu ku Chintheche, thukuta kamukamu.

"Iwe, unaikamo chiyani m'bokosi lakoli?"

"Kwanga limayendatu," adatero, akukoka laputopu. Ndidamuyang'anitsitsa zala, kuti ndione pomwe achotse msampha wake. Sadakhudze kalikonse. Adangolemba uthenga woyesera: "Ada, mwadzuka bwanji? Nanga kunyumba? Pepani pokuvutitsani, timati tikudziwitseni kuti kukubwera mwera."

Mzere uja udayenda myaa.

"Iwe umalemba chiyani?" adandifunsa.

"Mwera, bwererani."

"Basi? Wopanda moni?"

"Munthu bwato likugubuduka, ukamufunse za kunyumba?"

Weston adagwira pamutu. Bokosi lake silitulutsa kanthu mpaka masampulo atadzaza, ngati minibasi ya pasiteji yodikira anthu. Mauthenga ake onse ankadzaza chifukwa cha moni. Wanga wamfupiwo unkangokhala m'katimo kudikira anzake osabwera.

"Sindinayesepo wopanda moni," adatero. "Munthu wamkulu ungangomuuza nkhani chonchi? Aise, ukanapanda kuuma mtima iwe, chenjezo lenileni silikanafika kunyanja."

Adakonza kuti malo otsala azidzazidwa ndi maziro. Ndidalembanso mawu anga awiri aja, adadutsa. Weston adaseka mpaka kutsokomola, akuti mawa ndilankhule ine, iye azingodina.

Foni yanga idanjenjemera. Dokotala Zacharia: "Ndamva. Dzina la Weston ndalichotsa, nkhaniyi ndaipereka kale ku komiti yoona za chilango."

Ndidaitembenuza foniyo msangamsanga.

"Ndani ameneyo?" adafunsa Weston, akumwetulirabe. "Ngati ndi adokotala, uwapatse moni."