Pampu Imene Anagulitsa a Tokuji

Amuna anga a Tokuji ndiwo anali oyamba padoko lathu kulowa pansi pa nyanja atabereka botolo la mpweya kumsana. Anthu amanena zimenezi monyadira. Ine ndikamva ndimangolavula.

Botolo lisanabwere ankalowa atavala chipewa chamkuwa, mpweya ukuwapeza kudzera m'payipi. Opukusa pampu ya mpweyawo m'boti tinali ine ndi mlongo wanga, chingwe chawo ndachikulunga padzanja. Akafuna kutuluka sindinkawalola kuthamanga. Ndinkawakoka pang'ono, n'kuwaimika pakati pa madzi, kukokanso, kuwaimikanso, iwo akugwedeza chingwe mwaukali. Mkazi aliyense wa kuno amadziwa kuti munthu wochokera pansi akatuluka msangamsanga, matenda a m'madzi amam'gwira m'mfundo, mwina osayendanso.

"Iwe Shige, kodi ndine ng'ombe kuti uzindiyendetsa pachingwe?" ankatero ndikawavula chipewa.

"Ng'ombe imamva, bambo."

Patapita zaka zingapo nkhondo itatha, kunabwera munthu wa ku Tokyo ndi mabotolo ake. Amuna ena anangowayang'anira patali. A Tokuji anabereka botolo limodzi, n'kulowa, ndipo anatuluka mano onse ali pamtunda. Sabata isanathe anali atagulitsa pampu ndi chipewa kwa a Genzo, anzawo a khomo loyandikana nafe, ine osandifunsa. Mlongo wanga anapita kukafuna ntchito kutauni.

"Nanga ine ndizitani m'botimo?" ndinawafunsa.

"Uzipalasa basi. Ndakupumitsa, suthokoza?"

Sindinama, poyamba zinayenda. Nkhono zikuluzikulu za pansi pa nyanja, zimene tinkagulitsa, ankabwera nazo zodzaza thumba, anzawo kukhosi kuli gwa. Koma mabotolo a nthawi imeneyo sankachenjeza, ndipo amuna anga ndi munthu wosadziwa kukhuta. M'mawa wina mpweya unawathera ali pansi penipeni. Anatulukira mwadzidzidzi pambali pa boti, n'kukwera okha, akuseka. Anayatsa fodya. Asanam'malize, fodyayo anapulumuka m'zala zawo n'kugwa.

"Shige, miyendo sindikuimva."

Mankhwala a matenda a m'madziwa tonse tinkawadziwa: kum'veka munthu chipewa, kum'bwezera pansi msanga, kenaka n'kumam'kweza pang'onopang'ono mpaka tsiku lithe. Botolo silingathe zimenezo, ndipo lathulo linali lopanda kanthu. Ndinapalasa mpaka manja kusupuka, kulunjika kuseri kwa thanthwe kumene kunali boti la a Genzo. Ndinawapeza akupukusa pampu ndi akazi awo. M'chipewamo munali mwana wawo Masaji, amene anali pansi kuyambira m'mamawa, ndipo anali atangoyamba kum'kweza.

"A Genzo, chonde, chipewa! Anzanu agwidwa!"

A Genzo anayang'ana a Tokuji, n'kuyang'ana chingwe. "Mlamu, mwanayu ali pakatikati. Ndim'koke? Nenani inuyo, poti ntchitoyi mukuidziwa."

"M'kokeni!" anakuwa amuna anga ali chigonere. "Ndi wamphamvu ameneyo, apirira! Iwe Shige, lankhula!"

Mawu akuti inde anafika pakamwa, koma ndinawameza.

"Musam'fulumize," ndinatero.

Akazi a a Genzo manja anali atalema, ndiye ndinakwera m'boti lawo n'kugwira chogwirira cha pampu. Ndinapopera mpweya mwana wa eni, amuna anga akunditukwana ine, mayi anga ndi mtundu wanga wonse. Kenaka anasiya kutukwana n'kuyamba kubuula, ndipo zimenezo ndizo zinandipweteka koposa.

Masaji atatuluka, dzuwa linali litapendeka. Tinawaveka a Tokuji, n'kuwatsitsa, n'kupopa mosinthana mpaka madzulo. Ululu unatha, koma miyendo sinabwerere.

Mpaka lero sanandikhululukire. Ndikamawasambitsa amandiuza kuti ndinasankha mwana wa mnzanga. Masaji ali ndi ana ake tsopano, ndipo akationa amatipatsa moni ali patali, maso pansi. Sindim'da. Amene ndimadana naye sindim'dziwa bwinobwino, koma chidanicho chilipo, ndimadzuka nacho.

Chaka chatha kunabwera anyamata a magazini, akuti akulemba za anthu amene anayambitsa kulowa m'madzi ndi mabotolo. A Tokuji anasangalala mpaka kumeta ndevu. Anandiuza kuti ndiwaveke mkanjo wawo wabwino wa kimono, ndipo ndinawabereka mpaka kudoko, n'kuwakhazika pabokosi, botolo la dzimbiri lija lili pambali pawo. Anafotokoza zonse, za munthu wa ku Tokyo, za mantha a anzawo, za kuyenda pansi mopanda wowagwira. Za ine sanatchule. Ndinangoima kumbuyo nditawagwira mapewa.

"Mayi, tasunthani pang'ono, mukuoneka," anatero wojambula.

"Ndikawasiya agwa."

Anakanda m'mutu. "Ndiye gwadani kumbuyoko, muwagwire m'chiuno."

Ndinagwada pamiyala, nkhope ndaiika pamsana pawo. Magaziniyo anatitumizira. Pachithunzipo a Tokuji akhala okha, mowongoka bwino.