Paipi Yomwe Alamu Anati Yatalika

Alamu anagula chifosholo chonyamulira manyowa, n'kundiitana kuti ndichimange kutsogolo kwa thirakitala yawo yakale, yomwe inayamba kulima ine ndisanamere mano. Tsiku lonse ndinali chagada pansi pake, ndikulumikiza mapaipi a oilo, msana ukuwawa.

"Paipi iyi yatalika, iduleni," anatero alamu. "Ikulendewera ngati matumbo."

Ndinawauza kuti chifosholo chikamakwera, paipi imafuna mpata. Anangoti thirakitala ndi yawo. Mphamvu zokangana ndinalibe, ndinadula n'kumanga.

Atakoka chogwirira, chifosholo chinakwera bwinobwino mpaka pakati, kenako paipi ija inakungika n'kuphulika. Oilo anawanyowetsa kuyambira chipewa mpaka nsapato.

"Ndiye titani, alamu?" anandifunsa akupukuta kumaso.

Ndinatola pansi chidutswa cha paipi chomwe ndinadula chija n'kuwapatsa m'manja.

"Chomwe chikuperewera ndi ichi."