Rauta Imene Ndinathawa Nayo

Pothawa ku Furancungo ndinanyamula zinthu zitatu: mwana wanga Ilda, mapepala anga a ntchito, ndi rauta. Anzanga pothawa amatola bulangete, ine ndinazula kabokosi ka intaneti kukhoma n'kukaponya m'chikwama. Mwina n'chifukwa chakuti m'nyumba monse muja ndi kokhako kamene Belmiro, mwamuna wanga, sankadziwa kukagwira. Zina zonse ankazigwira mmene wafunira, kuphatikizapo ineyo. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero. Tsiku limene analiwononga ndi lomwe anandiuza kuti, "Iwe ukafuna kupita, pita. Koma mwanayu ndidzamutenga, ndipo sudzamuonanso."

Ndinapempha kusamutsidwa mwakachetechete, ndipo ananditumiza ku sukulu ina kufupi ndi Ntengo-Wambalame, ulendo wa tsiku lathunthu panjinga yamoto. Nambala ya foni ndinasintha. Masamba anga onse a pa intaneti ndinatseka. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, kuopa anthu amasiku ano amene amajambula ngakhale munthu akuyasamula. Ndinkadziona wochenjera kwambiri, ine Gracinda, mphunzitsi wa makompyuta.

Nyumba za aphunzitsi zili kutsidya kwa bwalo la mpira, ndipo yanga ndi yakumapeto, yochita malire ndi munda wa mbatatesi wa mayi Eluby. Tsiku limene ndinafika, mayiwa anayang'ana mwana, anayang'ana chikwama chimodzi chija, anaonanso mmene ndinkapendekera mutu pomvetsera. Sanafunse kanthu.

"Ife tidathawapo, pulofesora," anatero, akunditchula mmene kuno amatchulira mphunzitsi. "Zaka seis, zisanu ndi chimodzi, tidakhala ku Ntcheu nthawi ya nkhondo. Kuno munthu wothawa sitimuloza chala. Wina akadzafunsa za inu, sitikudziwani."

Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa popanda wofunsa.

Intaneti ya pasukulupo inkathera pakhonde la ofesi. Aphunzitsi ankakhala pamenepo madzulo, atakumbatira mafoni, mphepo ya kuno ikuwalowa m'mafupa. Komanso mawu achinsinsi olowera, amene kuno timati senya, anali atadziwika ndi msika wonse. Mkulu wa sukulu anandiitana n'kunena kuti, "Pulofesora, si muli ndi kabokosi kena kunyumba? Kalumikizeni ndi kathuka, rede ya intanetiyi ifike kunyumba zathu. Waya tilibe. Ndipo dzina likhale limodzi, senya imodzi, tisamavutike kulemba kawiri."

Lachisanu masana ndinayamba ndi rauta ya kuofesi. Inafunika dzina latsopano ndi senya yatsopano. Apa ndi pamene ndimafuna kudzimenya mbama nthawi zonse ndikakumbukira. Rauta yanga yakale ija inali ndi dzina lake kale, ILDA, ndi senya imene zala zanga zinazolowera kwa zaka zisanu. Ndinaona ngati n'chapafupi kungoipatsa ya kuofesi zomwezo. Ndinalemba osaganiza n'komwe, ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Loweruka kunacha ndi nkhungu. Mwezi wa Juni kuno nkhungu ikatsika, munthu umaona mapazi ako ndi udzu pang'ono basi. Ilda anali ndi chifuwa, choncho ndinamusiya pabedi atafunda, ndi kabuku kake ka zilembo. Rauta yakale ija ndinaimangirira pazenera la kuchipinda kwake, chifukwa ndi lokhalo loyang'ana ku ofesi.

Zipangizo zimenezi zimamvana popanda waya, koma zili ndi khalidwe limodzi loipa. Zonse zimachoka kufakitale ndi nambala imodzi, 192.168.1.1, ndipo chilichonse chimadziyesa mwini malo. Mukazilumikiza zili choncho, uthenga umasowa kolowera. Ana m'kalasi ndimawaphunzitsa kuti pa nambala zinayizo, yachitatu ndi mudzi, yachinayi ndi nyumba. Ndiye ya kuofesi ndinaisiya m'mudzi wa 1. Ya kunyumba ndinaipatsa mudzi wakewake, 192.168.2.1, n'kuiikira malire, 255.255.255.0, kuti midzi iwiriyi isalowerane. Ndinaiuza kuti foni iliyonse yolowa iziipatsa nyumba kuyambira pa 10 mpaka pa 50. Kenako ndinailamula kuti ifunefune inzake ya kuofesi, ikakhale kumeneko ngati mlendo. Kanyali kobiriwira kanayaka.

"Mayi, mundionereko mwanayu, ndikufika kuofesi," ndinatero kwa mayi Eluby, amene ankasankha mbatatesi pabwalo pawo.

"Pitani. Koma mubwere nayo intaneti yanuyo, ndione ngati imadyedwa."

Pasukulu panalibe munthu. Ndinakhala pa desiki ya mkulu wa sukulu, n'kuuza rauta ya kuofesi kuti uthenga uliwonse wopita ku mudzi wa 2 uzidzera kwa mlendo uja. Ndinatumiza kauthenga koyesera. Yankho linabwera, kachiwiri, kachitatu, kachinayi, osatayikapo ngakhale limodzi. Ndinaimirira n'kuvina pang'ono ndekhandekha. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti ndinali wokondwa.

Chinatsala n'kuyang'ana mndandanda wa amene alowa. Senya ndinali ndisanapatse munthu, aphunzitsi akanailandira Lolemba. Ndinkayembekezera mizere itatu: kompyuta yanga, foni yanga, ndi rauta ya kunyumba. Mizere inali inayi.

192.168.1.12. LEAO-DE-MACANGA.

Mkango wa ku Macanga, dera limene kuli Furancungo. Dzina limenelo ndinalilemba ndine, ndi zala zangazi, tsiku limene Belmiro anagula foniyo atagulitsa fodya. Anaima kumbuyo kwanga akundiuza kuti zilembo zikhale zazikulu. Ndine ndinamulowetsanso pa intaneti ya kunyumba kwathu. Munthu amaiwala senya, foni siiwala. Ikangomva dzina limene ikulidziwa, imalowa yokha, mwini wake asanaitulutse n'komwe m'thumba.

Rauta ya kuofesi siifika patali. Ikapitirira mapazi makumi asanu ndi limodzi, yatha mphamvu. Ndiye kuti munthuyo anali pomwepo, penapake m'nkhungumo.

Ndinakwawa mpaka pachitseko, n'kukhoma, kenako n'kukhala pansi kunsi kwa zenera, kompyuta ili pamiyendo. Nthawi yonse ija ndinakhala khutu lakufa lili kumsewu, moti ngakhale njinga yamoto ikanaima pageti sindikanaimva. Tsopano ndinatembenuza lamoyo. Ndinangomva madontho akugwa kuchokera pamalata, ndi khwangwala kutali.

Pambali pa dzinalo pamakhala nambala yosonyeza mphamvu ya kulumikizana. Inayamba kukwera. Ndinasiya kupuma. Kunja kunamveka miyala ikulira pansi pa nsapato, pang'onopang'ono, mayendedwe a munthu amene akuyang'ana chinthu m'manja mwake. Inafika pakona ya ofesi. Inaima. Kenako nambala ija inayamba kutsika, kutsika, ndipo mzere wachinayi unazimiririka.

Ndinapuma. Ndikuchita manyazi kunena, koma ndinathokoza Mulungu. Kwa mphindi imodzi kapena ziwiri ndinangoganiza za khungu langa, kuti wapeza pokhoma, wabwerera. Amati chakudza sichiimba ng'oma. Changa chinaimba, ine ndi amene ndinachedwa kumva kumene chikulowera.

Ndinalemba 192.168.2.1. Ndinalakwitsa, n'kulembanso. Tsamba la rauta ya kunyumba linatseguka. Mudzi wa 2 unayenera kukhala wopanda munthu. Munali mzere umodzi.

192.168.2.10. LEAO-DE-MACANGA. Mphamvu yonse, yodzaza. Rauta imeneyo inali pamwamba pa bedi la Ilda.

Sindikumbuka kutsegula chitseko. Ndikukumbuka udzu wonyowa wa pabwalo la mpira ndi nsapato imodzi itatsala pakati. Nyumba inatulukira m'nkhungu ndili pafupi kale.

Belmiro anakhala pakhonde, pampando wanga. Ilda anali pamiyendo pake, atakulungidwa m'bulangete, akuonera zidole pafoni ya bambo ake. Zithunzi zinkayenda bwinobwino osadukiza, ntchito ya manja anga. Njinga yake anali ataikankha kuchokera kumsewu n'kuiimika panjira, itayang'ana kotulukira. Ndipo patsogolo pa njingayo, atatsamira tayala lakutsogolo, panakhala mayi Eluby, dengu la mbatatesi lili pakati pa miyendo.

"Mama, Papa abwera!" anakuwa Ilda, nkhope ili ngwee.

"Anthu akowa ndi abodza," anatero Belmiro, akumwetulira. "Ndidamva kuti uli mbali ya Tsangano. Mashikola atatu ndayenda. Kuno ndafunsa pamsika, pachigayo, pokwerera chapa, timaminibasi tija. Aliyense akuti pulofesora Gracinda sitimudziwa. Ndinali nditakhota kale kuti ndizibwerera. Ndangoima pageti paja kuti ndione ora, foni n'kuyamba kulira yokha, mauthenga kulowa." Anailanda kwa mwana n'kundionetsa. Pamwamba panalembedwa ILDA. "Waona? Mwana wanga wandiitana yekha. Ine ndangotsatira timizere ta mphamvu ya intaneti."

Mudzi wonse unandisungira chinsinsi miyezi isanu ndi iwiri. Wogaya chimanga, wogulitsa tomato, anthu amene sanadyepo kanga ngakhale kamodzi, ananama chifukwa cha ine. Ndipo ine mwini ndinatenga dzina la mwana wanga n'kulipachika pamphepo, malo awiri, kuti aliyense wodutsa aliwerenge.

"Mutsitseni mwanayo, bambo a Ilda," ndinatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

Anaimirira naye m'manja. Pamenepo m'pamene anaona zimene ine ndinali ndisanazione. M'nkhungu munkatuluka anthu. Mayi wina ndi khasu paphewa. Abambo awiri a kudimba, matope mpaka m'maondo. Mayi winanso ndi mwana kumbuyo. Sindikudziwa kuti mayi Eluby anawaitana bwanji. Aliyense ankafika, n'kuomba m'manja mwaulemu, "Mwadzuka bwanji, alendo," kenako n'kukhala pansi mozungulira njinga ija. Panalibe wokalipa. Makasu anangowagoneka pambali, pafupi.

"Chokanipo pa mota yanga, vovó," anatero Belmiro, akuwaitana mayi Eluby kuti agogo.

"Miyendo yatopa, mwana wanga," anayankha mayi Eluby osadzutsa mutu. "Ndikatha kusankha mbatatesizi ndichoka." Kumbuyo kwawo kunali matumba atatu osamasula. "Komanso mwanayo akutsokomola. Mphepo ya pa mota imupweteka. Mutsitseni."

Belmiro anawayang'ana anthuwo mmodzimmodzi. Ndimamudziwa akamaganiza, mtsempha wa pachipumi umatupa. Anawerama, n'kumunong'oneza Ilda kanthu kena, mwana n'kugwedeza mutu akuseka. Kenako anamuimika pansi. Podutsa anandizungulira kuti afike mbali yakumanja, chifukwa amadziwa khutu limene analisiya lamoyo.

"Khomo ndaliona," anatero motsitsa. "Awa sakhala pano tsiku lililonse. Amapita kudimba. Amapita kumaliro."

Mayi Eluby anasuntha dengu lawo pang'ono, mpata wongokwana tayala. Njinga inalira, nkhungu n'kuimeza. Anthu aja anakhalabe mpaka phokoso linatheratu, kenako anatola makasu awo n'kumapita. Palibe anandifunsa kuti watipeza bwanji, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandinyoza.

Masana nkhungu itayera ndinapita kukatola nsapato yanga ndi kompyuta. Ndinafufuta dzina lija pa rauta zonse ziwiri. M'malo mwake ndinalemba manambala opanda tanthauzo, ndi senya yaitali imene ngakhale ine ndinachita kuilemba papepala. Midzi iwiri ija ndinaisiya mmene inalili, inalibe mlandu. Mayi Eluby anali atanena kale kuti kuyambira tsiku limenelo Ilda azigona kwawo, ndipo popita kusukulu aziyenda pakati pa akuluakulu.

Ndikumaliza, Ilda anabwera kudzatsamira paphewa langa. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mawu oyamba amene anaphunzira kuwerenga ndi dzina lake. Anatenga foni yanga n'kuyang'ana pamwamba, pamene anali ataonapo dzinalo pafoni ya bambo ake m'mawa uja.

"Mama, dzina langa lapita kuti?"

"Ndalichotsa, mwanangu."

Anapotokola ngodya ya bulangete.

"Nanga Papa adzandipeza bwanji?" anafunsa. Kenako nkhope inawalanso. "Aa, palibe kanthu. Ati ndikadzamva mota, ndidzathamangire kumsewu ndekha, osauza munthu."

Ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka anati ndikumupweteka. Kumsewu, kuseri kwa sukulu, kunadutsa njinga yamoto. Ine sindinaimve. Ndinangoona mwana wanga akutembenuza mutu.