Njira Ziwiri za ku Makhuwira

"Madamu, ndafika pamphambano. Ndikhote kuti?" Pius, dalaivala, anakuwa pafoni, thirakitala yake ikugunda.

Mu ofesi, Otilia anayang'anitsitsa mapu. Ntchito yake pa boma la Chikwawa inali youza madalaivala njira madzi akasefukira, koma lero zinali zina. M'ngolo ya thirakitalayo, ku Makhuwira, munagona mng'ono wake Jesinta, woyembekezera, matenda atamuyamba. Ambulansi inali itatitimira m'matope.

Fanizo, mnzake wa mu ofesimo, analoza mapu pa kompyuta.

"Mukuchedwa chiyani, achemwali? Njira ya kudambo nayi, yowongoka ngati chingwe. Ya kumtunda ndi yozungulira, adzafika kuchipatala mwana atamera mano."

Pagalasi la kompyutapo zinalidi choncho: mizere iwiri, wina waufupi, wina wautali, dziko lonse lili see ngati mphasa. Koma patebulo panalinso magalasi ovala kumaso amene bungwe lina linawabweretsera, oonetsa mapu omwewo ndi zitunda ndi zigwa zake. Otilia ankadana nawo chifukwa ankamuchititsa chizungulire. Anawavala basi.

Mayo ine! Njira yaifupi ija inatsetsereka pansi pa mapazi ake n'kulowa m'khwawa lakuya, mpaka anagwira tebulo kuopa kugwa.

"Pali chigwa apa, a Fanizo. Madzi akabwera ayambira pomwepa."

"Magalasiwo amakokomeza, mukudziwa inunso. Chulu amachisandutsa phiri. Kakhwawa kameneko mbuzi imadumpha."

Sankanamatu Fanizo. Kuno kuchigwa dziko ndi lathyathyathya, ndiye opanga mapuwo anakweza dala zitunda kuti zizioneka. Koma mvula inali itagwa kumapiri a Thyolo chim'mawire, ndipo madzi a kumeneko sagogoda pofika. Kudzera kudambo, mwina akokoloka onse. Kudzera kumtunda, mwina Jesinta achilira panjira popanda namwino. Otilia anachita mantha.

Pafoni panamveka kubuula kwa mng'ono wake.

"Madamu, yankhanitu!"

"Dzerani kumtunda, a Pius."

Fanizo anangopukusa mutu n'kutuluka panja.

Otilia anakhala chiimire, foni ili kukhutu, akumva ngolo ikugubuduka pamiyala. Kenako thirakitala inazima. Amayi amene anaperekeza Jesinta ankalalatira Pius kuti apite kutali, izi si za amuna. Kunatsatira kukuwa kumodzi kwakutali, kenako zii.

"A Pius! Chachitika n'chiyani? A Pius!"

Otilia anakhala pansi pasimenti.

Ndiye kanamveka kamawu kakang'ono, kokwiya, kakulira mosalekeza.

"Wamkazi, madamu," anatero Pius. "Koma mayi ake akutaya magazi. Tikunyamuka, mtunda udakalipo."

Fanizo anabwerera ali ndi foni yake m'manja, nkhope ili pansi.

"Wakabaza wina wangodutsa kudambo kuja. Akuti madzi sanafike."

"Musandiuze zimenezo pano," anatero Otilia.

Anakanikiza foni kukhutu.

"A Pius, musadule. Ikani foniyo pafupi ndi mutu wa Jesinta, azindimva mpaka mukafike."