Kalata Imene a Chidindo Sanayankhe

Foni inalira patebulo losokera, pakati pa sizasi ndi nsalu. Mayi telala anaitola nawerenga uthenga umene unalowa. Wina ankafuna kulowa mu akaunti yawo ya pa intaneti, imene makasitomala amalipirirako. M'menemo munali ndalama zonse za madiresi a ukwati wa Loweruka lomwelo, nsalu zina asanagule n'komwe.

"Bambo akuno! Mwagwira chiyani pakompyutapo?"

Amuna awo anatulukira akumwetulira. Bambowa anagwira ukalaliki zaka makumi atatu, ndipo anthu ankawatchula kuti a Chidindo, poti pepala lililonse lokhala ndi chizindikiro cha ofesi ankalilemekeza ngati apongozi. Kalata sinkagona padesiki pawo osayankhidwa.

"Ndakuthandizanitu, mayi. Kampani yolipirira ija yatumiza imelo kuti akaunti itsekedwa madzulo ano tikapanda kutsimikiza kuti ndi yathu. Ndadina linki yake, ndalemba mawu achinsinsi aja munalemba m'kabuku ka miyeso. Kwangotsala nambala yabwera pafoni panuyo. Tandiwerengereni."

Mayi telala anathamanga opanda nsapato kukaitana aneba awo, mayi wokonza mafoni.

"Nambalayo mwaipereka?" anafunsa anebawo asanakhale n'komwe pansi.

"Ayi."

"Mwapulumukira pomwepo. Akubawo mawu achinsinsi ali nawo kale, akungodikira nambalayo kuti asese zonse."

"Akuba?" a Chidindo anatong'ola maso. "Ayi, aneba, onani chizindikiro cha kampani chili pamwambapo!"

Anebawo sanatsutse. Anatsegula kaye pulogalamu yeniyeni ya kampaniyo pafoni ya mayi telala, nasintha mawu achinsinsi. Ndalama zinalimo zonse. Mayi telala anakhala pansi n'kugwira pamtima, misozi ili chuchuchu.

Kenako anebawo anakopera chizindikiro chija, nachimata pakalata yatsopano, n'kutembenuza kompyuta. A Chidindo anawerenga mokweza: "Okondedwa kasitomala, tsukani mbale zonse pofika madzulo, apo ayi tikutsekerani akaunti."

A Chidindo anaiyang'anitsitsa. Kalatayo inkaoneka ndendende ngati ija anaikhulupirira, ndipo inapangidwa iwo akuona, mphindi imodzi isanathe.

"Chizindikiro amakopera aliyense, bambo," anatero anebawo. "Taonani adiresi ya wotumiza, ikugwirizana pati ndi dzina la kampani? Dzina la amayiwa silinatchulidwe paliponse. Ndiye kukufulumizitsaniko, akufuna muchite mantha musanaganize. Tsamba limene linki inakufikitsani ndi la akuba omwewo. Kampani yoona siipempha mawu achinsinsi kapena nambala ya pafoni kudzera pa imelo. Mukakayika, osadina linki. Tsegulani nokha pulogalamu yawo, kapena imbani nambala imene mukuidziwa kale."

"Zaka makumi atatu ndikudinda makalata," anatero a Chidindo motsitsa mawu, "lero ndikanapereka thukuta la akazi anga ndi manja angawa."

Anachita manyazi kwambiri, ndipo mayi telala anawamvera chisoni. Komabe kabuku ka miyeso kaja anakachotsa patebulo, n'kung'amba tsamba la mawu achinsinsi.

Anebawo anawathandiza kudziwitsa kampani yeniyeni za imelo yabodzayo. Loweruka madiresi anaperekedwa onse, atasitidwa bwino.

Lolemba kunabwera imelo ina, chizindikiro chomwecho: "Chenjezo lomaliza!" A Chidindo anavala magalasi, nayang'ana adiresi ya wotumiza, nafufuta imeloyo. Inali kalata yoyamba m'moyo wawo kuisiya osayankha. Ananyamuka kukatsuka mbale.

Imelo ikakuopsezani, ikakufulumizitsani, kapena ikapempha mawu achinsinsi, musadine chilichonse, ngakhale chizindikiro chake chikongole bwanji. Funsani kaye kampani yeniyeni, ndipo nambala yobwera pafoni panu musauze munthu aliyense.