Oyilo Wonga Madzi

Oyilo wakale anali atatha kudontha m'beseni pamene a Dizilo anaona chigubu chimene mlamu wawo anatulutsa m'nyumba. Dzina la Diziloli anapatsidwa ndi anzawo a pamsewu, pakuti anakalamba akuyendetsa malole. Tsikulo anabwera kudzasintha oyilo m'kagalimoto ka mng'ono wawo, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Wodwalayo anali khale pampando pakhonde, ndodo m'dzanja lomwe linatsala lamoyo, akuyang'ana zonse koma osatha kulankhula.

Mkazi wake, mayi telala, ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuti masana amenewo kagalimotoko kakawafikitse kuchipatala. Dokotala wa mitsempha ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo wophonya tsiku lake ankadikira miyezi. Kukwera basi abambowo sakanatha.

A Dizilo anatsegula chigubucho, kuviika chala, n'kutikita oyiloyo ndi chala chachikulu. Umu ndi mmene ankayesera oyilo moyo wawo wonse. Anapukusa mutu.

"Mlamu, akugulitsani madzi."

"Ndi amene analembedwa pachotsekera cha injini paja, alamu. 5W-30. Ndinachita kujambula pafoni n'kukamuonetsa wa m'sitolo."

"Zolembazo analembera kwawo kozizira." Anakoka chigubu chawo chimene anabwera nacho, cha 20W-50. Anaviikamo chala, oyilo n'kutsika pang'onopang'ono ngati uchi. "Oyilo ndi uyu. Amakakamira pachitsulo. Wanuyo injini ikatentha asanduka tiyi."

Mayi telala anapinda manja. Kutsutsa mkulu wa mwamuna wako si chinthu chapafupi, makamaka munthu amene anagona pabenchi la chipatala masiku onse amene mng'ono wake anali pakati pa moyo ndi imfa. Koma ankakumbukiranso mmene amuna awo ankasamalira kagalimotoka. Sankalola chilichonse kulowa mu injini asanawerenge chigubu mbali zonse.

"Wa m'sitolo anati tinjira ta oyilo m'mainjini aang'ono a masiku ano n'topapatiza," anatero motsitsa mawu. "Wolemera amachedwa kukwera pamwamba, ndiye zitsulo zimayamba kudyana zili zouma."

"Wa m'sitolo! Anagwirapo chiwongolero iyeyo?"

"Kaya. Koma inenso makina anga osokera sindiwapaka girisi, alamu."

"Ndiye muisokere diresi galimotoyo!"

Palibe anaseka. Dzuwa linali litafika pamutu, ndipo mthunzi wa nyumba unali utachoka paboneti.

A Dizilo anapukuta manja pasanza, chala chimodzichimodzi.

"Tamvani, mlamu. Ine sindithira madzi m'galimoto yonyamula mng'ono wanga. Ikakafera panjira, iye ali m'kati, dzuwa lili chonchi, anthu adzati ndani anaikonza? Tithira wangayu kapena ndikupita."

Mayiyo anayang'ana pakhonde. Milomo ya amuna awo inkagwedera, koma mawu osatuluka. Mumtima anafuula kwa Mwini moyo: Ambuye, Inu amene mumamva ngakhale osalankhula, ndipatseni lilime lofatsa ndi mtima wosagwedezeka.

"Pepani, alamu. Wolemerayo ayi."

A Dizilo ananyamula chigubu chawo. Sefa yatsopano ya oyilo anali atamanga kale, koma pansi pa injini panali pakadali potsegula.

"Alamu, bawuti yotsekera pansi ija."

A Dizilo anapisa dzanja m'thumba la ovolosi, kuitulutsa, kuiponya m'fumbi pamodzi ndi sipanala, n'kulunjika kugeti.

Mayi telala anatola bawutiyo n'kuipukuta ndi mpendero wa diresi. Anayala katoni, kugona chagada, n'kudzikoka mpaka pansi pa galimoto, malo amene sanalowepo chibadwire. Kunali mdima ndi fungo la chitsulo. Dontho lofunda linawagwera patsaya. Anapapasa mpaka anapeza kabowo, n'kulowetsa bawuti. Inazungulira pang'ono, kenaka inakana. Anayesanso ndi zala zoterera. Inakanabe.

Osadziwa, anali atayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ija amaimba akamapita kukaona odwala, koma mpweya unkawathera pakati pa mzere. Anatambasula dzanja n'kugwira sipanala. Chokana chala, chitsulo chichigonjetsa.

Pakhonde panamveka go! go! go! Ndodo inkamenya simenti mwamphamvu imene mayiyo sanaimvepo chidwalireni amuna awo. Sanadziwe ngati akuwalimbikitsa kapena akuwaletsa. Anakoleka sipanala pabawuti n'kukunga dzanja.

"Musakoke!"

Nsapato za a Dizilo zinali pafupi ndi tayala. Munthuyo sanatuluke pageti. Anagwada mawondo akulira, n'kusuzumira.

"Mwailowetsa chopendama. Mukangokoka, mano ake atha, ndipo palibe oyilo, wanu kapena wanga, amene akhalemo. Tulukani."

Mayiyo anatuluka, tsitsi lili fumbi lokhalokha. A Dizilo analowa. Anamasula bawutiyo, kuiuzira, kuibwezera ndi zala mosamala ngati akudyetsa khanda, kenaka n'kumanga ndi sipanala. Atatuluka anaima pakati pa zigubu ziwiri zija. Anatembenukira kwa mng'ono wawo.

"Iwe, galimoto ndi yako. Uyu?" Anakweza chigubu chawo.

Ndodo inangoti zii.

Anakweza cha mlamu wawo. Ndodo inagunda pansi kamodzi.

"Chikhalire ndiwe wamakani," anatero a Dizilo. "Ndinakubereka kumsana ine, lero ukundikana pamaso pa mkazi wako."

Anathira okha wa mlamu wawo uja. Oyilo wonyezimira anatsika mofulumira, osachita phokoso. Anasolola kachitsulo koyezera, kupukuta, kubwezera, kusololanso. Anawonjezera pang'ono, n'kutseka, n'kutsitsa galimoto pajeke.

"Lizani. Muyang'ane kanyali kofiira ka oyilo kaja. Kakapanda kuzima msanga, muzimitse injini pompo, tisaiphe."

Mayi telala anakhala pachiwongolero. Analowetsa kiyi. Anatseka maso, kutchula dzina la Ambuye, n'kupotokola.

Injini inadzuka ndi kaphokoso kouma, ke-ke-ke, ngati mano a munthu wozizidwa. Kanyali kanali psuu. A Dizilo anakweza dzanja, okonzeka kulamula. Mayiyo anagwira kiyi kuti azimitse.

Kanyali kanazima. Kaphokoso kaja kanamira, injini n'kuyamba kupuma mofatsa.

A Dizilo anasuzumira pansi. Panalibe dontho. Anaika khutu pafupi ndi injini nthawi yaitali, akufunafuna cholakwa.

"Lero yavomera," anatero potseka boneti. "Koma mawu a akulu amakoma akagonera. Ndizibwera kudzaimvetsera."

"Muzibwera, alamu. Khomo ndi lanu."

"Kasambeni kumaso, mukuoneka ngati makaniko wa ulesi. Changu, dokotala sadikira."

Pamene mayiyo ankatuluka m'nyumba ndi chikwama, anapeza a Dizilo atamunyamula kale mng'ono wawo m'manja, ovolosi ili mafuta okhaokha. Anamukhazika kumpando wakumbuyo, kumumanga lamba, iwonso n'kukhala pambali pake.

"Ndikupita nawo," anatero. "Ikafa panjira, pakhale wokankha."

Mayi telala analowetsa giya, kagalimoto n'kutuluka pageti.