Chala cha Suhaila

"Amene mumuphe ndinu, adadi! Osati zigawenga zija ayi, inuyo!"

Corinne anaponya chikuto cha buku patebulo, khofi wa bambo ake n'kukhavukira pa nyuzipepala. Anali atangofika kuchokera ku Iraq, kumene ankathandiza kukonza zisankho. Chikwama chake chinali chikadali pakhomo.

Bambo akewo, a Hensley, anapukuta khofiyo mosapupuluma. Mu Washington monse ankadziwika ndi nyimbo imodzi: poti Amereka ali ndi mphamvu, agwetse olamulira ankhanza, adzale demokalase paliponse, ndi mfuti ngati kuli kofunika. Buku lawo latsopano linali pafupi kusindikizidwa. Pachikutopo panali mayi wa mpango wakuda, akumwetulira, ataimika chala chonyika mu inki ya chisankho.

"Chithunzichi unanditumizira ndiwe, mwanawe."

"Ndinatumizira bambo anga, osati dziko lonse! Ameneyu ndi Suhaila, mphunzitsi wa ku Baquba. Ndinkadya kwawo."

"Ndiye ulemu wake ndi umenewu."

"Ulemu?" Corinne anaseka, koma maso ali psuu. "Inki ija inali yosafufutika, kuti munthu asavote kawiri. Sinafufutikedi. Anyamata amfuti anatchinga msewu n'kumati, 'Tambasulani manja.' Mwamuna wake anyamatawo anamutsitsa m'basi chifukwa cha chala, mpaka lero sanabwere. Suhaila anakwecha chake ndi mwala mpaka magazi. Panopa akubisala kwa achibale, dzina anasintha. Chala anachibisa, inu mukufuna muonetse nkhope?"

Bambo aja anavula magalasi. Sanali munthu wouma mtima, ndipo zimenezi n'zimene zinkamupweteka kwambiri Corinne.

"Waiwala maenje amene wolamulira wakale uja ankakwiriramo anthu? Akanakhalapobe, mnzakoyo chisankho akanangochimva pa wailesi."

"Sindinaiwale. Ndinawaona ndi maso angawa."

"Ndiye mvera. Aphungu atopa, akufuna asilikali athu abwerere. Tikachoka, a Suhaila onse atha. Nkhope imodzi iyi ingawabweze mtima."

Corinne anayang'ananso chithunzicho. Mwina ankanena zoona. Mwinanso ayi. Chimene iye ankadziwa n'chakuti chikuto chikangofika pa intaneti, ku Baquba achiona sabata lomwelo, ndipo kumbuyo kwa Suhaila kunkaoneka bwinobwino geti la sukulu yake.

"Munamufunsa?"

"Nanga ndikanamupeza kuti?"

"Eya! Katswiri wa demokalase! Dziko lake munaliwombola osalifunsa, tsopano nkhope yakenso mwaitenga osamufunsa. Paja mumatiphunzitsa patebulo pompano kuti ufulu ndi munthu kunena yekha kuti inde kapena ayi?"

A Hensley anasisita m'mphepete mwa chikutocho ndi chala chawo choyera bwino.

Corinne anawakankhira foni mpaka inagunda kapu.

"Muwaimbira osindikiza achichotse, kapena ndimuimbire Suhaila athawenso? Musayang'ane kumbali, adadi. Ndiyankheni!"